Mapazi a Dyness

Mng'ono wanga Dyness ankadyera mapazi. Ena amadyera manja, ena amadyera pakamwa, monga alaliki amene anadzaza komboni ya Mtendere zaka zimenezo. Iye anali telala, ndipo mashini ake anali opalasa. Phazi likakana singano imaima, singano ikaima m'nyumba mulibe chakudya. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe bwinobwino chimene ndinaononga.

Kusoka anaphunzirira ku fakitale ina ya malaya ku Indasitiriyo, kumene anatha zaka zisanu ndi zinayi akusoka makolala okhaokha. Boma litatsegula zipata za malonda, mabelo a salaula, zovala zovalidwa kale za kunja, anasefukira m'tauni, ndipo malaya a pafakitale panalibenso wowayang'ana. Mu 1994 eni fakitale anasonkhanitsa antchito onse pabwalo, kuwathokoza, n'kutseka geti. Dyness sanalire. Anapukuta mashini akale amene atate athu anagula ku Halale, ulendo wawo wochokera ku Ntcheu usanathere kuno ku Lusaka, n'kuwaika pakhonde pake ku komboni ya Kalikiliki. Anayamba kukonza salaula yomweyo imene inamuchotsa ntchito. Azungu ndi aatali miyendo ndi aakulu mimba, ndiye munthu wa ku Kalikiliki akagula thalauza lawo ayenera kulidulitsa ndi kulichepetsa m'chiuno. Ntchito inalipo.

Mwamuna wake Fackson anamwalira chaka chotsatira, atatsokomola miyezi isanu ndi itatu. Pamaliro abusa anati anali matenda aatali, ndipo tonse tinagwedeza mitu ngati dzina la matendawo sitikulidziwa. Titaika maliro anatulukira mkulu wake wa malemuyo, Jameson wa ku Chipata. Ananyamula bedi, wailesi, mipando, mpaka mapoto. Mashini anasiya chifukwa ine ndinakhala pamwamba pake n'kumuuza kuti anyamulire pamodzi ndi ine. Koma panali chinthu china chimene sindikanatha kuchikhalira. Iwowa ndi Angoni a ku Chipata, analowola ndi ng'ombe, ndiye Tinenenji, mwana mmodzi yekhayo wa Dyness, anali wawo.

"Mulamu," anatero Jameson ali kale pakhomo, "mwana tamusiya chabe chifukwa muli na nchito ya manja. Tsiku limene muzalephera kumudyetsa na kumupereka kusukulu, nizamutenga. Nizabwera mu Ogasiti chaka cha mawa, masukulu akatseka, nione."

Ine ndine Ketty, mkulu wake wa Dyness. Ndinkachapa ndi kusita kwa bwana wina ku Kabulonga, n'kumagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake, kumene ngakhale mphaka sankaloledwa, nanji mwana. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo ndinamusambitsa Jameson chokweza. Anangotukula mapewa. Mawu ake anatsala m'nyumbamo, ndipo kuyambira pamenepo Dyness ankapalasa mashini ngati akumuthamangitsa.

Mapazi anayamba m'mwezi wa Meyi. Poyamba ankati kuphazi kukuotcha, ngati waponda mchenga wa mu Okutobala, pamene kunja kunali chisanu choumitsa milomo. Bulangete likakhudza zala ankalumpha. Kenaka panabwera dzanzi. Ankayenda kuchokera kumpope, patapata imodzi n'kutsala m'njira iye osadziwa, mpaka ana amuthamangire nayo. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti moto ndi dzanzi zinalipo pamodzi. Mkati mukuyaka, koma ukamutsina kunja samva. Ndinafika pomuuza kuti asankhe chimodzi, asamatinamize.

Mashini ndiwo sankanamizika. Wopalasa amamva ndi phazi pamene chopondera chafika pansi ndi pamene chikubwerera. Dyness anasiya kumva. Gudumu linkabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka, msoko n'kupindika. Anayamba kusoka atawerama, diso limodzi pa singano lina pa mapazi, ndipo thalauza limene kale ankalimaliza munthu ali chiimire tsopano linkagona. Makasitomala a m'komboni alibe chisoni. Anayamba kupita kwa telala wa kumsika.

Anansi anali ndi mayankho, monga mwa nthawi zonse. Ena ankati waponda mankhwala amene telala wa kumsikayo anakwirira panjira. Maggie wa nyumba yoyandikana, amene anali atangobadwa kumene mwatsopano ndipo ankafuna komboni yonse idziwe, anabwera ndi anzake atatu kudzakalipira ziwanda za m'zidendene. Anafuula mpaka malata kunjenjemera, anamwa tiyi, n'kupita. Ine ndinkawaseka onsewo. Ndinkadziona wanzeru. Koma za kukiliniki sindinatchule, nayenso Dyness sanatchule. Tonse awiri tinkadziwa kuti kumeneko adzafunsa kuti mwamuna wake anafa ndi chiyani.

Loweruka lina la mu Julayi bwana anandimasula masana. Ndinafika ku Kalikiliki nditanyamula masamba a bulugamu ndi mchere, mtima uli m'malo, chifukwa ndinali nditapeza yankho. Magazi aundana ndi chisanu, ndinatero, ofunika kuthowa. Kwathu kuthowa ndi ntchito imene timaidziwa. Amayi ankathowa atate akabwera ku ntchito ya njerwa, ankathowa azimayi ochira kumene, ankatithowa ife tikabinya mwendo. Ndipo njira yawo inali imodzi. Wothowa sayesa madzi, amayesa ndi wodwala. Umaonjezera otentha pang'onopang'ono mpaka mwini thupi akuwe kuti basi, ndipo pamenepo mpamene umadziwa kuti kutentha kwafika pa nthenda. Wodwala akakhala chete, ndiye kuti madzi ako ndi aulesi.

Ndinawiritsa mphika waukulu pambaula, kuthira m'beseni, kusakaniza ndi ozizira. Ndinayamba ndi nsalu, kuiviika, kuifinya, kuikanikiza pa zidendene.

"Yapya?" ndinafunsa.

"Awe, ba Ketty. Sinimvela chilichonse."

Ndinaonjezera. Manja anga ndi a munthu wochapa ndi wosita, khungu lake ndi lachikopa, koma ngakhale iwo anayamba kudandaula. Dyness anangoti duu. Zinandipsetsa mtima, ndinene zoona. Ndinkaona ngati nthendayo ikundiderera. Ndinataya nsalu, n'kumuuza kuti aviike mapazi onse m'besenimo. Ndinamufunditsa bulangete kuyambira m'mawondo mpaka pansi kuti nthunzi isathawe, n'kumatsanulira madzi a mumphika cham'mbali, pansi pa bulangetelo.

"Manje?"

"Kapena patali patali. Ikilankoni, ba sisi. Nifuna Mande ninkale pa mashini."

Ndinathira. Ndinathiranso. Kenaka ndinakhala pa chitini n'kuyamba kumusimbira za mkazi wa bwana, amene ankawerenga mazira m'firiji m'mawa uliwonse. Dyness anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'miyezi yambiri. Ndinasangalala. Ndinkati mankhwala agwira. Tinacheza choncho mpaka mphika unatha.

Nditavundukula bulangete ndinaona kaye utoto wake. Mapazi anali otuwa ngati nkhuku yoviikidwa kuti aisosole. Nditagwira chidendene kuti ndichitulutse, khungu linatsalira m'manja mwanga. Ndinakuwa ndine. Dyness anawerama, kuyang'ana mapazi akewo nthawi yaitali, n'kundiyang'ana ine.

"Ba Ketty, ni mendo yanga iyi?"

Tinamukweza pa wilibala mpaka kukiliniki, kumene tinkakuthawa kuja. Tinapeza dokotala wamng'ono, a Chibwe, Mubemba woonda wa maso otopa. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kundikalipira. Anatsuka zilondazo Dyness akungoyang'ana kudenga. Atamanga mabandeji anatenga kaphini, n'kumuuza kuti atsinzine. Anabaya pamwamba pa bandeji, kufunsa ngati wamva. Ayi. Anakwera pang'ono. Ayi. Mpaka pakati pa msongolo mpamene Dyness anati eya. Kenaka funso lija linabwera, la Fackson, ndipo Dyness anayankha mosabisa, n'kuvomera kuti amutenge magazi.

Zotsatira tinazimva patapita masabata awiri, tsiku losintha mabandeji. Panalibe chodabwitsa. Dyness anangoti, "Nenze kuziba." Ine ndiye ndinalusa, chifukwa ndinkafuna wina woti ndimuluse. Ndinati matenda amenewa timawadziwa, amaondetsa, amatsokomoletsa, amatsegula m'mimba. Nanga mapazi alowapo bwanji? Mng'ono wanga sanaonde n'komwe.

A Chibwe anatenga pepala la mankhwala, kulitembenuza, n'kujambula munthu ndi mizere iwiri yochokera kumsana kukafika ku zala za kumapazi. Anati imeneyo ndi mitsempha yonyamula uthenga, imene imauza mutu kuti apa patentha, apa pabaya.

"Mayo, kachilombo aka sikadya mizipe iyi keka," anatero. "Mu tupi muli masoja, yamene nchito yawo ni kumeza doti na tuzilombo. Manje aka kamangena mukati mwa masoja yamene ayo. Yakangenewa, yasokonezeka mutu. Yaunjikana pa mizipe, yayamba kutila mankwala yaukali, ati tipaya adani. Adani sibafa. Vamene vipya ni mizipe ya mwine wake."

Anapitiriza kufotokoza kuti mitsempha ya kumapazi ndiyo yaitali kuposa yonse, ndiye ndi imene imayamba kufa, kuyambira kunsonga. Ikamafa imatumiza uthenga wabodza, wa moto umene kulibe, ndipo uthenga woona, wa moto umene ulipo, siufika. Ndinafunsa ngati asilikaliwo sangauzidwe kuti asiye.

"Tilibe vobauzila," anatero. "Beve baona monga batandiza."

Sananene za ine. Ankayang'ana pepala lake. Koma ine ndinatuluka kukaima kuseri kwa chimbudzi mpaka misozi itatha. Anatipatsa timapiritsi tochepetsa kuotcha ndi mavitamini. Mankhwala ogwira kachilombo kenikeniko tinkangomva kuti aliko kumaiko a azungu, monga timamvera za chipale.

Zilonda sizinapole. Thupi limene asilikali ake asokonezeka silitseka bala msanga. Phazi lamanzere linayamba kununkha, ndipo zala ziwiri anazidula kuchipatala chachikulu. Ndinkachoka ku Kabulonga madzulo alionse wapansi kudzachapa mabandeji ndi kuphikira Tinenenji. Dyness sanandinene ngakhale kamodzi. Ndinkalakalaka atandituka. Ndinkamuputa dala, kumuuza kuti anene zimene zili kumtima, iye n'kungoti, "Munafuna kunitandiza, ba sisi." Mawu amenewo ndinafika podana nawo.

Tinayesa kusoka awiri. Lamulungu masana ndinkakhala pambali n'kumapalasa ine, iye akuwongolera nsalu. Koma mapazi a munthu wina samva zimene manja ako akufuna. Iye akafuna kuima pakona ine ndinali ndikuthamanga, akati tiyeni ine ndaima. Tinathyola singano zitatu ndi kuononga siketi ya Maggie. Ndiponso Lamulungu limabwera kamodzi pa sabata, pamene mwana amadya tsiku lililonse. Mashini tinawalowetsa m'nyumba n'kuwafunditsa chitenje. Teremu imeneyo Tinenenji sanaimalize.

Jameson anafika sabata yachiwiri ya Ogasiti, m'mawa, mphepo ikuulutsa mapepala m'njira. Sanafunikire kufunsa. Fungo linamulonjera pakhomo. Anaona mashini ofunditsidwa, anaona mlamu wake pa matiresi pansi, mapazi atasanjikidwa pa katoni. Anavula chipewa n'kukhala pa chitini, ndipo ndiyenera kuvomera kuti sanalankhule mwachipongwe. Zikanandipepukira akanakhala wachipongwe.

Ine ndinayamba nkhondo. Ndinati mwana ndimusunga ndine. Anafunsa kuti kuti, kwa bwana? Ndinati ndisiya ntchito ndidzakhale konkuno. Anafunsa kuti ndiye mudzadya chiyani atatu. Ndinati kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ng'ombe zanu zitatu zoonda zija sizinagule munthu. Ndinakweza mawu mpaka anthu anadzaza pawindo. Ndinali ndisanathe pamene Dyness analankhula.

"Ba Ketty, lekani."

"Nileke chani? Ufuna bamutenge?"

"Dzulo ananisambika ni Tine. Ananyamula chikopo changa kupeleka ku toileti ni Tine. Ali na zaka naini." Anayang'ana mapazi ake. "Ba Chibwe banakamba kuti ivi viyenda pasogolo chabe, sivibwelela. Sinifuna azione vamene vizabwela. Ba mulamu, ku Chipata sukulu iliko pafupi?"

"Iliko, mulamu. Azayamba teremu ikubwerayi."

"Mutengeni lelo. Mukagona, nizasintha nzelu."

Ndinalongedza ndine. Madiresi atatu, yunifolomu, juzi, makope, zonse zinakwana m'chikwama chimodzi cha pulasitiki. Tinenenji anaima pakona akuonerera. Anali mwana wofatsa ngati mayi ake, wosalira pagulu. Jameson anati basi ya masana siyembekeza munthu, ndipo anatuluka ndi chikwamacho kukadikira panja.

Dyness anamuitana mwanayo, kumukonza kolala, kumuuza kuti azimvera atate ake aakulu ndi kuti asamayende wopanda nsapato. Kenaka anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa chitenje kumutu.

"Yenda manje. Sinifuna kukuona pochoka. Yenda."

Tinenenji anafika pakhomo, n'kuima. Anabwerera mwakachetechete, wopanda phokoso ngakhale pang'ono, n'kugwada kumiyendo kwa matiresi. Anawakumbatira mapazi aja, ndi mabandeji ake achikasu, ndi fungo lake limene akuluakulu tinkalipewa, n'kugonekapo tsaya. Mapewa ake ankagwedezeka koma sanatulutse mawu. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinaima chiimire. Pakamwa panga paja, pamene sipanachedwepo chibadwire, tsiku limenelo panakana. Ndinkaganiza kuti Dyness akudziwa ndipo akungolimba mtima. Jameson anakhosomola panja. Mwana anadzuka, kupukuta nkhope ndi mkono, n'kutuluka.

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu wa minibasi. Pobwera ndinapeza Dyness atavundukula chitenje, akuyang'ana kukhomo.

"Bayenda?"

"Bayenda."

Kenaka anati, "Ninamuuza kuti ayende, nayeve anangoyenda. Nenze kuganiza kapena azabwelela, anigwileko olo pang'ono."

Ndinagwada pomwe anagwada mwanayo. Ndinamuuza zonse, kuti anabwerera, kuti anakumbatira mapazi, kuti anagonekapo tsaya. Ndinamuonetsa pabandeji pamene panali ponyowa. Ndinalumbira pa manda a amayi. Dyness anayang'ana bandejiyo, imene inkakhala yonyowa masiku onse, n'kundiyang'ana ine ndi chisoni, ngati wodwala ndine.

"Ba Ketty, mwanitandiza vakwana," anatero. "Osaninamiza futi."

Anakhala ndi moyo miyezi ina isanu ndi iwiri. Ndinamuuza nkhani imeneyi kambirimbiri, ndipo sanaikhulupirire.